Akwati Aja Ndinawaphunzitsa Ndine

Ngati kavidiyo kaja kanafika pa foni yanu, kaja ka akwati ataima chilili pakati pa holo kwinaku bambo wina wa suti yotuwa akuvina yekha kumbuyo kwa tebulo la keke atakumbatira mphepo, ndiye kuti mukundidziwa. Bambo ameneyo ndine. Ambiri amene ankatumizirana pa WhatsApp ankati ndinali nditalawa. Bola zikanakhala choncho, chifukwa woledzera anthu amamukhululukira kukacha. Ine ndinali bwinobwino, ndiponso ndinali pa ntchito. Akwati aja ndinawaphunzitsa kuvina ndine.

Zinayambira ku komiti ya ukwati. Mkwati ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali, mnyamata wofatsa wogulitsa zida za galimoto ku Malangalanga. Ukwati wake unagwa m'nyengo ya maukwati yoyamba chichokereni pamene boma linachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye tsiku limene msungichuma anawerenga bajeti, tonse tinangoti maso pansi. Holo, nkhuku, mpunga, zakumwa, galimoto za akwati, DJ, MC, wojambula. Atamaliza, wapampando anayamba kuloza mmodzimmodzi kuti atchule chimene apereke, kuyambira pa K50,000 kupita m'mwamba. Chala chikuyandikira kwa ine, thukuta linayamba kutsika kumsana. Nthawi yomweyo mlamu wanga, mkwatibwiyo, anadandaula kuti ophunzitsa masitepe masiku ano akutchula ndalama zoopsa, ndipo ine ndinaimirira asanatseke n'pakamwa pomwe.

"Atcheya, zimenezo musalembe pa bajeti. Ine chopereka changa chikhala luso."

Anthu anaomba m'manja. Mkazi wanga sanaombe.

Sikuti ndinkanama kwenikweni. Ndinakula ndi kwasakwasa wa Kanda Bongo Man, ndinakhwimira mu ndombolo, ndipo pa unyamata wanga ndinaperekeza maukwati ambiri moti masuti obwereka ndinkawazindikira ndi fungo. Masitepe a operekeza ndimawadziwa: awiri kumanja, awiri kumanzere, kutembenuka, kuomba m'manja, mzere wonse n'kumasendera pang'onopang'ono mpaka kukafika kutsogolo. Zimenezo ndi zimene ndinkaganiza kuti ndalonjeza. Operekezawo sanandivute n'komwe. Anasankha Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode, imene mu 2020 anaivina aliyense, anamwino ndi ansembe omwe, ndipo ankaidziwa kuposa ine. Ntchito yanga kumeneko inali yongowauza kuti aime molunjika.

Tsoka linabwera madzulo ena pamene mlamu anandiitanira pambali n'kundigwiritsa foni.

"Alamu, ine ndikufuna izi."

Munali akwati a kunja, awiriwiri pakati pa chipinda chonyezimira, akuzungulira mopepuka, ndipo kumapeto mwamuna n'kumukweza mkaziyo pamwamba pa mutu, mkaziyo atatambasula manja. Gule woyamba wa akwati. Ndinaonera mpaka kumapeto, ndinagwedeza mutu mwaukatswiri, n'kutulutsa mawu amene mpaka lero amandidzidzimutsa kutulo: "Zomwezi? Milungu ingapo basi."

Mwambo umenewu kwathu kuno ndi wobwera. Amayi athu pa ukwati wawo ankawerama tsiku lonse nkhope ili ndwii, chifukwa mkwatibwi woseka ankati alibe mwambo, kapena ankachita kulithamangira banjalo. Ovina ankakhala ena, akwati n'kumangopenyerera ndalama zikugwera m'mbale. Lero mkwatibwi amafuna avine yekha pa tsiku lake, ndipo ine sindiona cholakwika. Dandaulo langa lili pa anthu otumiza mavidiyo aja, amene sanena kuti akwatiwo analipira mphunzitsi miyezi ingati, kapena kuti anagwa kangati asanajambule zimene tikusilirazo.

Usiku womwewo ndinagula bandulo n'kukhala pa YouTube. Ndinaphunzira kuti gule uja ndi waltz, kuti anachokera ku magule a kumudzi a ku Austria ndi Bavaria, ndipo anakatchukira mumzinda wa Vienna, kumene Johann Strauss wamng'ono anatulutsira The Blue Danube mu 1867. Ndinaphunziranso kuti amawerengedwa katatu, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Masitepe athu a pa ukwati, ndi Jerusalema yemwe, amayenda kawiri kapena kanayi, thupi n'kuzolowera msanga. Ukamawerenga katatu, phazi loyambira limasinthasintha: ulendo uno lamanzere, ulendo winawo lamanja. Mwamuna amaponda kutsogolo ndi lamanzere, kumbali ndi lamanja, n'kutseka. Kenako kumbuyo ndi lamanja, kumbali ndi lamanzere, n'kutsekanso, mapazi n'kujambula bokosi pansi. Mkazi amayamba chobwerera m'mbuyo, osaona kumene akupita. Pa foni zimaoneka zachibwana.

Mkazi wanga anakana kundithandiza. "Abambo, ine ndinakuuzani kuti perekani ndalama ngati anzanu. Zanuzo vinani nokha." Ndiye ndinatenga munsi, poti unali wautali ndithu, n'kumazungulira nawo pabalaza anthu atagona. Katani yathu ndi yaifupi. Kutacha, amayi a nyumba yoyandikana nafe, amene timapatsana moni tsiku lililonse, anandiyankha ali chammbali, ndipo ana awo sanabwerenso kudzaonera TV kwathu.

Mapulakatisi tinkachitira ku Kawale, pabwalo la nyumba ya achemwali ake a mkwatibwi. Ndinalemba ndondomeko yokongola ya masiku onse mpaka tsiku la ukwati. Pepalalo silinkadziwa kuti mlamu ndi namwino ndipo milungu ina amagwira usiku, kuti msuweni akatseka shopu amakaima pa mzere wa mafuta, ndiponso kuti Loweruka lililonse linali kale ndi mwini wake: chinkhoswe, bridal shower, uphungu wa kutchalitchi, maliro. Masiku amene tinakumanadi tonse atatu ndi ochepa moti ndikuchita manyazi kuwatchula.

Msuweni wangayu si munthu wouma thupi. Ndinamuonapo ndi maso angawa ku shoo ya Black Missionaries akudumpha mpaka mbandakucha. Koma ukangomuuza kuti "phazi lamanzere", amaima n'kuyang'ana mapazi onse awiri kuti asankhepo. Munthu akamavina zimene anakula nazo saganiza. Ukamupatsa manambala, mutu umalanda ntchito ya miyendo, ndipo mutu umachedwa. Ankawerenga mokweza, maso ali pansi, khosi litauma, dzanja la mlamu atalifinya ngati sipanala. Mlamu naye, poona kuti mwamuna akuchedwa, anayamba kutsogolera yekha, ndiye onse ankapita kutsogolo nthawi imodzi n'kuombana mawondo. Ana a m'deralo ankadzaza pa mpanda. Pasanapite nthawi, ndikangotsika minibasi ankandilonjera ndi mawu amodzi: "Wani, thuu, firii!"

Nyimbo anasankha Perfect ya Ed Sheeran, ya mu 2017, imene akwati a dziko lonse lapansi aivinira mpaka kuitopetsa. Ndinaimvetsera, ndinamva katatukatatu mkati mwake, n'kunena kuti tapeza. Chimene sindinkadziwa n'chakuti waltz alipo wa mitundu iwiri. Amene ndinaphunzira pa foni ndi wodekha uja, wogunda ka 84 mpaka 90 pa mphindi. Wa ku Vienna amagunda ka 174 mpaka 180, ndipo nyimbo ya Sheeran ukati uziponda pa kugunda kwake kulikonse imathamanga kuposa pamenepo. Ndiye tikamayeserera ine ndikuwerenga pakamwa, zinkayenda ndithu. Ndikangoyatsa sipika, anthu awiri akuluakulu ankayamba kupalasa fumbi mwaliwiro mpaka mlamu kukhala pansi ali wefuwefu. Wodziwa ntchito akanawauza kuti bokosilo alisiye, azingotsata kugunda kwakukulu, kumanja, kumanzere, modekha, poti nyimboyo imalola zimenezo bwinobwino. Ine ndinawauza kuti vuto ndi mpweya, ayambe kuthamanga m'mawa uliwonse.

Za kunyamula zija zinatchuka ndi filimu ya Dirty Dancing ya mu 1987, ndipo nazonso ndinazifufuza. Patrick Swayze, amene amanyamula Jennifer Grey kumapeto kwake, anali mwana wa mphunzitsi wa magule wa ku Houston ndipo anaphunzira ballet kuyambira ali wamng'ono. Mufilimumo amayeserera m'nyanja kuti wogwa agwere m'madzi. Ife nyanja yathu ili ku Salima, ndipo bajeti inalibe mzere wa zimenezo. Ndinaganiza zoyambira pa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Msuweni, amene amanyamula magiyabokosi tsiku lonse, analikweza pamwamba pa mutu osatuluka ndi thukuta lomwe, ndipo ine ndinalengeza kuti gawo limenelo tathana nalo. Koma thumba silithamangira kwa iwe, siliopa, silikuwa, ndiponso likafika pamwamba silikugwira makutu. Tsiku limene tinayesa ndi munthu weniweni, titayala matiresi, mlamu anathamanga, anafika pafupi, anasintha maganizo, msuweni anali atagwira kale, ndipo onse awiri anaphonya matiresi n'kukathera m'kadimba ka mpiru ka achemwali.

Nkhani inafika kwa nkhoswe ya kuchimuna, imene mwatsoka ndi bambo anga omwe, poti ndiwo malume ake a mkwati. Anandiitanitsa.

"Iwe, ndikumva kuti ukufuna kuponya mwana wa eni ake m'mwamba."

"Si kuponya, bambo, ndi kunyamula."

"Akathyoka msana, akuchikazi ukawauza chiyani? Ife tili pa kalikiliki kumanga banja, iwe ukukonza za kuchipatala? Pa ukwati umenewu mapazi a mwanayo asachoke pansi. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Kunyamula tinachotsa. M'malo mwake ndinaikamo kuzungulitsa mkwatibwi kawiri ndi kumupendeketsa chagada kumapeto, poti pamenepo mapazi sachoka pansi ndipo lamulo la bambo silinathyoledwe.

Panali tsiku lina limene khomo lothawira linanditsekukira, ine n'kulitseka ndekha. Mlamu anafika atatopa kuchokera ku ntchito, msuweni anamuponda chala chomwe anamuponda ulendo watha, ndipo mawu anayamba kutuluka. "Masitepe atatu okha akukukanikani, nanga banja mudzalitha inu?" Msuweni anayankha kuti iye anafunsira mkazi, sanafunsire mpikisano. Mlamu analowa m'nyumba akulira. Anthu amene pa chibwenzi chawo chonse sanakanganepo pagulu anali kusemphana chifukwa cha bokosi langa. Pondiperekeza ku siteji, msuweni anandigwira mkono.

"Asuweni, bwanji tingogwirana n'kumagwedezeka pang'onopang'ono, nyimbo ikatha tikhale pansi? Anthu amabwerera mpunga, si gule."

Mnyamatayo ananena zonse zimene zinkafunika kunenedwa. Koma ine ndinakumbuka m'manja muja anandiombera ku komiti, ndi K50,000 imene luso langa linkayenera kufanana nayo. Kugwedezeka chabe sikukanakwana K50,000. Ndinamuuza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, alimbe mtima.

Ukwati utayandikira, mayi ake a mkwatibwi anabwera kuchokera ku Dedza n'kudzafikira pa nyumba yomweyo ya mapulakatisi. Amene anakulira m'tauni mwina sangamvetse kukula kwa nkhaniyi. Kwathu mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake. Akakumana panjira amapatuka, ndipo polankhula nawo amakhala chapatali nkhope ili kumbali. Tsono ine ndinkafuna kuti mnyamata woleredwa bwino akumbatire mwana wa mayiwo masanasana dzuwa likuswa mtengo, eni ake ali pa mkeka pompo akusadzula nkhwani. Msuweni atangowaona anabwerera pa geti.

"Asuweni, pamenepo ine ayi. Bola mundiphe."

"Nanga Loweruka sakakhalapo?"

"Loweruka n'Loweruka."

Ndinayesa kumulimbitsa mtima ndi zimene ndinawerenga, kuti ngakhale kwa Azungu komweko gule ameneyu anayamba ndi kunyozedwa, moti mu 1816 nyuzipepala ya The Times ya ku London inamudzudzula kuti ndi wopanda ulemu chifukwa cha kugwiranako. Msuweni anati ndiye kuti nyuzipepalayo inali ndi apongozi.

Tinasamukira kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi khola la nkhuku. Tsiku lina mlamu anali pa ntchito ya usiku, ndiye mkwatibwi ndinakhala ine. Ndinamanga chitenje cha achemwali m'chiuno kuti msuweni azolowere nsalu, ndinaika dzanja paphewa pake, tinazungulira, ndipo kunena zoona tsiku limenelo m'pamene anavina bwino kuposa masiku onse. Anandipendeketsa chagada mwaluso ndithu. Ndili chagada choncho, mutu uli pansi, ndinaona mapazi awiri ndi ndowa. Apongozi ankapita kukasamba. Sananene kanthu. Anatula ndowa, anatiyang'ana bwinobwino, anasenzanso ndowa yawo n'kubwerera. Msuweni anandisiya, ndipo ndinagwera m'matope a kubafa.

Safunsa anadya phula. Milungu yonseyi sindinafunsepo za diresi. Mlamu ankayeserera atavala siketi wamba ndi nsapato zafulati. Diresi lenilenilo, lobwereka ku shopu ina m'tauni, linali ndi waya wozungulira mkati wolitukumula, mchira wautali wofunika ana awiri ougwirira, ndi velo yofika m'chiuno. Mu waltz mkazi amabwerera m'mbuyo pafupipafupi, ndipo kumbuyoko n'kumene kunali mchira. Sindinafunse za nsapato: za mlamu zinali za gogoda, za msuweni zinali zosongoka, zogula ku msika wa Tsoka, kunsi kwake kosalala. Sindinapite kukaona holo, imene amayi a komiti anaipaka polishi wofiira Lachisanu madzulo mpaka kumang'anima, chikhalirecho ife tinazolowera fumbi la ku Kawale limene limagwira phazi. DJ ndinangomuuza pa foni dzina la nyimbo, iye n'kuti, "Imeneyo ilipo, akulu, musadandaule."

Loweruka linafika ndi dzuwa la mu Okutobala. Kutchalitchi tinachedwa, kojambulitsa tinachedwa, ku holo tinapeza anthu akudzikupiza ndi mapulogalamu. Operekeza analowa ndi Jerusalema, holo yonse inaimirira, ndipo ine ndinayendayenda pang'ono kutsogolo kuti anthu amudziwe mphunzitsi. MC anandikokera pambali. MC naye tizimumvetsa. Ntchito yake ndi perekaniperekani, kuitana akuchimuna, akuchikazi, a kuntchito, a kumpingo, ovala zofiira, ovala magalasi, ndipo komiti imamuyeza ndi ndalama zimene zagwera mu lichero. Mphindi iliyonse imene anthu akhala pansi osasupa, kwa iye ndi ndalama yotayika.

"Gule wanuyo ndi wa mphindi zingati, akulu?"

"Nyimbo yonse. Zinayi ndi kachidutswa."

"Zinayi! Anthu angokhala?"

"Azionerera."

Anandiyang'ana mondimvera chisoni, kenako anatenga maikolofoni n'kulengeza kuti tsopano tione zimene sizinaonekepo mu Lilongwe muno, zophunzitsidwa ndi katswiri wochokera kunja. Kunja kumene ine ndinafikako ndi ku Chipata, ndikuperekeza mkazi wanga kokaoda zitenje.

Poyamba zinayenda. Zimenezi ndikufuna zidziwike, chifukwa amene anajambula anadula gawo limeneli. Anagwirana, anapanga bokosi loyamba, lachiwiri, amayi ena mpaka anati "eee!" Kenako mlamu pobwerera m'mbuyo anaponda mchira wa diresi lake, msuweni pofuna kumugwira anaterereka, nsapato yosongoka ija inalowa kunsi kwa waya, ndipo panamveka kung'ambika kumene ngakhale masipika sanakubise. Anapitiriza. Ndinanyadira. Ndipo pamenepo nyimbo inasintha chilankhulo.

Perfect ilipo mitundu ingapo. Chaka chomwecho cha 2017 Sheeran anaijambulanso ndi Beyoncé, kenako ndi Andrea Bocelli wa ku Italy, amene gawo lake amaimba m'Chitaliyana. DJ wathu anali ndi ya Bocelli. Tsono msuweni, poti kuwerenga kunkamusokoneza, ndinali nditamuphunzitsa kuti azimvera mawu: akangomva mawu akutiakuti a m'ndime yachiwiri, ndiye nthawi yozungulitsa yakwana. Ndime yachiwiriyo inafika ndi liwu la bambo wina wachilendo, lalikulu, m'chilankhulo chimene muholomo munalibe wochimva. Msuweni anaima. Anayang'ana sipika, anayang'ana mkazi wake, kenako anayamba kundisakasaka ndi maso m'chigulu.

Ine ndinali kumbuyo kwa tebulo la keke. Kukuwa sindikanatha, ndiye ndinakweza manja, kukumbatira mkwatibwi wosaoneka, n'kuyamba kumuonetsa: wani, thuu, firii, zungulitsa. Iye poona ine ndikuzungulira, naye anazungulira yekha, kumusiya mkwatibwi ataima. Ndinapukusa mutu n'kuloza mlamu. Anamva ngati ndikuti amalize, ndiye anamugwira n'kumupendeketsa chagada nyimbo isanafike n'pakati pomwe. Kupendeketsako anachita bwino, mofanana ndi kubafa kuja. Koma pomudzutsa velo inakola pa batani la jekete, ndipo mlamu anadzuka yekha, velo ndi chisoti zili lendelende pachifuwa pa mwamuna wake.

Holo yonse inati zii. Bocelli yekha ndiye ankapitiriza.

Amene anaimirira anali apongozi. Mayi aja ine ndinkawayesa chopinga cha luso langa analimbitsa chitenje, anaimba nthungululu imodzi yaitali, n'kulowa m'bwalo akuponya ma K50 ndi ma K100 pamutu pa mwana wawo, mapazi akuponda chimtali pa nyimbo ya Chitaliyana. Azakhali anga sakanalola kupambanidwa ndi akuchikazi, ndiye analowa ndi gulu lawo. Amayi a kumpingo anazinga mkwatibwi, wina kubwezeretsa velo, wina kulumikiza pong'ambika ndi mapini. DJ nzeru zinamubwerera, anadula Bocelli n'kuika Linny Hoo ya Giddes Chalamanda, ija anaidzutsanso ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo anthu onse anakhamukira kutsogolo. Mlamu anavula gogoda, anakwinya diresi m'manja n'kuvina mmene amavinira kwawo. Msuweni, amene milungu yonseyi sankalidziwa phazi lamanzere, anavina mpaka anthu kukwera pa mipando kuti amuone. MC mawu anamuthera ndi chimwemwe.

Zikanathera pamenepo bwenzi pano ndikunena kuti ndinakonza dala. Koma apongozi, gule atawalowa m'magazi, analunjika kwa mkamwini wawo ndi K2,000 m'manja kuti akamusupe. Msuweni, mwana woleredwa bwino, anachita zimene mkamwini amachita: anabwerera m'mbuyo mwaulemu, mofulumira, osayang'ana. Kumbuyo kwakeko kunali ine, ndikubwera kudzalandira ulemu wanga. Nsapato zanga nazonso zinali za ku Tsoka. Ndinaterereka chagada mpaka pa tebulo la makashiya, amene anali atasanja ndalama zosinthira anthu m'milumilu, ndipo lichero, milu ya ndalama ndi ine tinafikira pansi limodzi. Ana amene anali pafupi anathandiza kutola. Ena mwa iwo anathandiza mpaka kunja kwa holo.

Komiti itakumana kuti itseke mabuku, msungichuma anawerenga kuti perekaniperekani anaposa zimene tinkayembekezera, ndipo gawo limene linabweretsa zambiri linali lija anayambitsa apongozi. Anthu anaomba m'manja. Kenako anawerenga zoonongeka: chindapusa cha eni diresi, velo yobooka, ndi ndalama zimene zinasowa pa tebulo la makashiya. Wapampando anafunsa kuti zimenezi zigwere ndani. Palibe anatchula dzina langa. Onse anangotembenuka. Bambo anga, amene ndinkadalira kuti andiikira kumbuyo, anakhosomola n'kuti, "Mwana wangayu ndi munthu wa luso. Alipira." Zonse pamodzi zinaposa K50,000 ija kutalitali, ndipo ndinamaliza kulipira chimanga chili m'mawondo. Mlamu sanandilankhule mpaka Khirisimasi. Apongozi akabwera ku Lilongwe amandifunsa ndithu, kuti ali bwanji mkazi wamkulu wa mkamwini wawo.

Chodabwitsa n'chakuti mbiri imeneyi ikundibweretsera makasitomala. Mwezi wathawu kunabwera mnyamata wina ndi chibwenzi chake, ukwati uli pafupi, foni ili m'manja. Zimene anandionetsa zinali za mtundu womwe uja. Ndinawakhazika pansi n'kuwauza zoona. Ndinati anthu awiri amene sanavinepo atagwirana, oti ali pa ntchito, chinkhoswe ndi maliro zili pakati, pa milungu yochepa angaphunzire kuima moyandikana osaumitsa khosi, kusendera limodzi kumanja ndi kumanzere, kuzungulitsana kamodzi, ndi kuyang'anana kumaso m'malo moyang'ana mapazi. Zimenezo zimakwana mphindi imodzi ndi theka, ndiye nyimbo aidulire pomwepo, aiike pa fulashi, akaipereke kwa DJ pamanja n'kuimvera naye limodzi mpaka kumapeto. Ndinati aziyeserera atavala nsapato za tsikulo, mtsikanayo atamanga nsalu ya pabedi yokwekwera pansi, ndipo akaponde muholomo polishi atapakidwa kale. Auziretu MC ndi azakhali a mbali zonse kuti nyimbo yachiwiri ndi yawo, alowe ndi ndalama zawo. Ndinawauzanso kuti chinachake chidzalakwika ndithu, koma alendo sadziwa masitepe amene munakonza, ndiye mukaphonya musaime, ndipo musafunefune mphunzitsi m'chigulu.

Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa, "Ndiye zonyamulazo mutiphunzitsa liti, ankolo?"

Ndinati zimenezo sindiphunzitsa. Anathokoza mwaulemu n'kunyamuka. Ndamva kuti apeza mnyamata wina wa pa TikTok amene wawalonjeza kunyamula, kuzungulira katatu ndi utsi wotuluka pansi, zonsezo pa milungu iwiri. Ukwatiwo uliko kumapeto kwa mwezi uno ku Area 25. Ngati mwalandira khadi pitani ndithu, koma mipando ya kutsogolo muwasiyire ena.